William Murray ndi Buku Lopatulika

Kuwerenga: Yesaya 55:10-11

M'nyumba zambiri za Akhristu ku Chimbiya, ku Linthipe ndi m'midzi ya m'tsinde mwa phiri la Chongoni muli buku lachikuto chakuda, mwina lothothoka masamba, limene agogo anasiyira ana awo. Timalitsegula pa maliro, pa ukwati ndi pa mapemphero a m'banja, koma ndi ochepa amene amadziwa munthu amene anatha zaka pafupifupi 20 akutsogolera ntchito yolimasulira m'chinenero chathu. Munthuyo anali Mbusa William Hoppe Murray.

Anabadwira ku South Africa m'chaka cha 1866, m'banja la abusa a mpingo wa Dutch Reformed. Mbale wake, Andrew Charles Murray, ndiye anatsegula mishoni ya Mvera m'dziko la Inkosi Chiwere mu 1889 pamodzi ndi Mbusa Vlok. William anafika kuno mu 1894, ndipo mbale wakeyo atabwerera kwawo, utsogoleri wa mishoni unagwera iye. M'nthawi yake munatsegulidwa Mlanda mu 1902 ndi Mphunzi, kuno ku Dedza, mu 1903, kenaka likulu la mishoni linasamuka ku Mvera kupita ku Nkhoma.

Koma ntchito imene inamudyera moyo inali ya Mawu. Zigawo za Malembo zinalipo kale. Robert Laws anali atamasulira Chipangano Chatsopano m'Chinyanja cha kunyanja, ndipo David Clement Scott wa ku Blantyre anali atalemba zambiri m'Chimang'anja. Vuto linali lakuti mishoni iliyonse inali ndi kalankhulidwe kake. Mu 1900 amishoni anagwirizana kuti pakhale Baibulo limodzi loti limveke kuchokera kuchigwa cha Shire mpaka kumapiri a Angoni ndi Achewa, ndipo gawo lalikulu la katunduyo linasenzedwa ndi Murray.

Tiyerekeze kulemera kwake. Mneneri wachihebri akamanena za pangano, kapena Paulo akamanena za chisomo ndi chiombolo, kodi Mchewa wa kumudzi angamve ndi liwu liti? Liwu lolakwika likanaphunzitsa mibadwo chiphunzitso chopotoka. Murray sakanatha yekha. Ankakhala ndi aphunzitsi ndi akulu a mpingo a kuno, eni chinenero, kuyesa liwu lililonse monga mayi apetera ufa, kutaya gaga ndi kusunga woyera. Mayina awo sali pachikuto cha bukulo, ndipo kumeneko mbiri ya mpingo inawalakwira, pakuti mutu umodzi susenza denga. Chipangano Chatsopano chinayamba kutuluka, koma Chakale chinatenga zaka zina zoposa khumi.

Zaka zimenezo zinali zowawa. Nkhondo ya 1914 inatenga anyamata ambirimbiri kukhala amtengatenga, ndipo ochuluka sanabwerere. Mu Januwale 1915 Mbusa John Chilembwe anaukira boma la atsamunda ku Chiradzulu. Zitatha izi, azungu ena a minda anayamba kunena kuti sukulu za mishoni ndi kuwerenga Baibulo ndizo zikuwononga anthu akuda, kotero kuti Alexander Hetherwick wa ku Blantyre anachita kuima pamaso pa bungwe lofufuza la boma kuteteza maphunziro ndi ulemu wa Afirika. Mwa njira yawo azunguwo anaona zoona. Munthu amene wadziwerengera yekha za Farao, za munda wa Naboti ndi za Amosi wodzudzula opondereza aumphawi, sangaonenso thangata ngati chinthu cholamulidwa kumwamba. Mu 1918 Robert Napier, mbusa wachinyamata wa ku Blantyre amene ankathandiza kumasulira, anaphedwa kunkhondo ku Mozambique, ndipo chaka chomwecho chimfine choopsa chinasesa midzi.

Murray sanaimitse ntchito. Pa phiri la Kaso, pafupi ndi Mvera, kumene ankabindikira kuti zochitika za mishoni zisamusokoneze, kumasulira kunatha mu 1919, ndipo mu 1922 Buku Lopatulika linasindikizidwa. Yesaya amafanizira Mawu a Mulungu ndi mvula imene sibwerera kumwamba isananyowetse nthaka ndi kubereketsa mbewu. Wokhulupirika pa nkhani imeneyi ndi mwini Mawu. Womasulira anali mlimi wolembedwa ganyu, ndipo ambiri mwa olima naye anagona asanaone zokolola.

Sitiyenera kumujambula ngati mngelo. Anali mwana wa nthawi yake, ndipo mpingo umene unamutuma unadzateteza tsankho kwawo ku South Africa kwa zaka zambiri. Chichewa cha Buku Lopatulika nacho pena n'cholimba, chotsata kwambiri kayalidwe ka zinenero zachilendo, ndipo achinyamata amapunthwa nacho. N'chifukwa chake mu 1998 mipingo inatulutsa Buku Loyera, limene limatchula Chauta pamene lakale limatchula Yehova. Komabe taonani chodabwitsa: buku lochokera m'manja a mzungu wa mpingo umenewo ndi lomwe linaphunzitsa makolo athu kuti chipulumutso n'cha chisomo, kuti Myuda ndi Mhelene, kapolo ndi mfulu, alowera pakhomo limodzi. Mulungu anasunga chuma m'mbiya yadothi, ndipo chumacho chinadzadzudzula ngakhale mbiyayo.

Ali mtsogoleri, mipingo ya Nkhoma inadzoza abusa ake oyamba akuda, mmodzi mwa iwo Namoni Katengeza, amene dzina lake lili pa malo ophunzitsira atsogoleri a mpingo ku Chongoni. Mu 1926 Nkhoma inalowa mu CCAP pamodzi ndi Blantyre ndi Livingstonia. Murray anapitiriza kukonza mawu a Baibulo lija mpaka linatulukanso lokonzedwa mu 1936. Chaka chotsatira anapuma ntchito nabwerera kwawo, atatumikira kuno zaka 43, ndipo anamwalira mu 1947. Patatha zaka 15, mu 1962, mishoni imene anaitsogolera inapereka sukulu, chipatala ndi katundu wake yense m'manja mwa Sinodi ya Nkhoma.