Arnold Gesell, dokotala amene ankajambula makanda pa kanema

Mukapita ndi mwana kusikelo, mlangizi wa zaumoyo amakufunsani ngati khosi lalimba, ngati wayamba kukhala yekha kapena kukwawa. Mafunso amenewa sanangobwera. Mmodzi mwa anthu amene anawayambitsa ndi Arnold Gesell wa ku America.

Gesell anabadwa mu 1880 m'tauni yaing'ono ya Alma ku Wisconsin. Bambo ake anali wojambula zithunzi, mayi ake mphunzitsi, ndipo iye anali woyamba mwa ana asanu. Anayamba waphunzitsa kusukulu, kenaka n'kuphunzira za kaganizidwe ka munthu. Mu 1911 anatsegula kiliniki yoona za kakulidwe ka ana pa yunivesite ya Yale, ndipo udokotala anaumaliza mu 1915 ali kale pantchitoyo.

Pamenepo anamanga kachipinda kozungulira. Khanda amaliika mkati, anthu n'kumaliona ali kunja ilo osawaona, makamera akujambula. Pambuyo pake ankaonera kanemayo chithunzi chimodzichimodzi. Zimene anapeza inu mumaziona pamkeka tsiku lililonse: mphamvu zimayambira kumutu kutsikira kumiyendo. Khosi limayamba kulimba, kenaka msana, mwana n'kukhala tsonga, n'kuimirira atagwira mpando, n'kuyenda. Mu 1941 iye ndi dokotala mnzake Catherine Amatruda analemba buku lothandiza madokotala kuzindikira msanga mwana amene akutsalira.

Ntchito yake inali ndi chilema chake. Ana ambiri amene anawayeza anali azungu a m'mabanja opezako bwino a ku New Haven, ndipo makolo ena anatenga miyezi imene analemba ngati lamulo. M'zaka za m'ma 1950, Marcelle Geber anayeza makanda a ku Uganda ndi njira yomweyo n'kupeza kuti ambiri ankalimba khosi ndi kukhala mofulumirapo. Gesell anamwalira mu 1961. Kuno kwathu, mu 2010, kunatuluka njira yoyezera kakulidwe yotchedwa MDAT, yopangidwa ndi ana a m'midzi ya Malawi.

Ndiye musade nkhawa chifukwa mwana wa aneba wayenda pa miyezi 10 pamene wanu akungokwawa. Kafukufuku wa bungwe la WHO wa 2006 anaonetsa kuti ana athanzi amayamba kuyenda okha pakati pa miyezi 8 ndi 18. Ena sakwawa n'komwe, amangodzikhwekhwereza ndi matako.

Komabe pali zizindikiro zosafunika kudikira. Khosi likamagwabe pa miyezi 4, mwana akalephera kukhala yekha pa miyezi 9, kapena akafika chaka ndi theka osayenda, pitani naye kuchipatala. Chimodzimodzi ngati thupi lili lobodoka, kapena miyendo ili yolimba gwa ndi kupingasana mukamunyamula. Mwana wosakwana chaka amene amagwiritsa ntchito dzanja limodzi lokha, linalo atalifumbata, nayenso aonedwe. Ine monga kiliniko ofesala ndimafunsa kaye zakale: kodi analira atangobadwa, anachitapo chikasu, anadwalapo malungo a muubongo kapena matenda oumitsa khosi? Mayankho anu amatithandiza kumutumiza kumafizo ubongo ukadali wanthete, nthawi imene masewero olimbitsa thupi amagwira bwino ntchito.

Ndipo ngati mwana ankakhala kapena kuyenda ndiye wasiya, musadikire tsiku la sikelo. Tengani buku lake la kuchipatala, mubwere naye tsiku lomwelo.