Dr. Daniel Malekebu: Munthu Wosataya Mtima

Ana athu onse amalidziŵa dzina la John Chilembwe, koma ndi oŵerengeka okha amene angatchule munthu amene anaidzutsanso ntchito yake itagwa. Munthuyo ndiye Dr. Daniel Sharpe Malekebu.

Malekebu anabadwira m'boma la Chiradzulu cha m'ma 1889, nayamba sukulu pa mishoni ya Providence Industrial Mission ku Mbombwe, imene Chilembwe anaitsegula mu 1900. Mmodzi mwa aphunzitsi ake anali mayi Emma DeLaney, mmishonale wachikuda wochokera ku America. Mayiŵa atabwerera kwawo, mnyamatayo anatsimikiza mtima kuŵalondola kuti akapitirize maphunziro. Popeza analibe ndalama, anayenda wapansi mpaka ku doko la Beira, ndipo analipira ulendo wa panyanja pogwira ntchito m'sitima.

Ku America anaphunzira ku Selma, m'chigawo cha Alabama, ndipo mu 1917 anatsiriza maphunziro a udokotala pa Meharry Medical College ku Nashville, nakhala dokotala woyamba wobadwira m'dziko muno. Pa sukulu yomweyi ndi pamene Dr. Kamuzu Banda anadzatsirizanso mu 1937.

Koma mayesero aakulu anali m'tsogolo. Iye akali kunja, nkhondo ya mu 1915 inabuka, Chilembwe anaphedwa, tchalitchi cha ku Mbombwe chinagumulidwa ndipo mishoni inatsekedwa. Pamene Malekebu anabwera mu 1921 pamodzi ndi mkazi wake Flora, boma la atsamunda linamukaniza kukhala m'dziko lobadwira pomuganizira kuti adzatsata mapazi a Chilembwe. Wina akadapsa mtima, kapena kubwerera ku America kukafuna chuma. Iye anapita ku Cape Town, kenaka ku Liberia, kumene anaphunzitsa pa Ricks Institute, osaleka kupempha chilolezo chobwerera kwawo. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mu 1926 analoledwa, natsegulanso mishoni ya ku Mbombwe ndi kumanganso tchalitchi ndi sukulu pamalo pamene panatsala mabwinja. Anamwalira mu 1978.

Chimene tikuchiona apa n'chakuti Malekebu sanaiyese nthaŵi yodikira ngati nthaŵi yotayika. Khomo limodzi likatsekedwa ankagwira ntchito imene inali pafupi, maso ali pa cholinga chake.

Kodi mphunzitsi wa ku Chitedze, Nsaru kapena Kabudula angaigwiritse bwanji ntchito mbiri imeneyi? M'kalasi mwake muli mwana wobwereza Sitandade 8, wina woyenda mtunda wautali osadya kanthu, wina wojomba miyezi ya fodya. Tisaŵanamize ana otereŵa kuti maganizo abwino amathetsa njala. Mmalo mwake tipachike mapu, iwo okha alondole ulendo kuchokera ku Chiradzulu kupita ku Beira, Nashville, Cape Town, Liberia, mpaka kubwerera ku Mbombwe. Pa malo alionse tiime ndi kufunsa: chinamutsekereza n'chiyani? Akadatha kuchita ziti? Nanga anasankha chiti? Pomaliza mwana aliyense alembe vuto limodzi lomusautsa, ndi chinthu chimodzi chimene angathe kuchita sabata yomweyo.

Tikatero mwana adzazindikira kuti ngakhale sasankha mavuto omugwera, ali nayo mphamvu yosankha chochita nawo. Koma tikumbukire kuti ana amaphunzira kupirira poona nkhope ya mphunzitsi wawo tsiku limene choko chatha ndipo denga likudontha.