Stu Ungar, katswiri wa njuga amene anagona mpikisano uli mkati

Amene munaonapo madalaivala a mathiraki akutchova makadi pa malire a Mwanza podikira mapepala opitira ku Zobue mukudziwa kuti pali anthu a mitundu iwiri: wina amalowa ndi moto, wina amayamba wazonda kaye. Ku America anthu akhala akutsutsana kuti wanzeru ndani mwa awiriwa, ndipo pa mkangano umenewu dzina la Stu Ungar silisowa.

Mkuluyu anabadwira ku New York mchaka cha 1953. Bambo ake ankayendetsa bala ndi kubetchetsa anthu, choncho mwana anakulira pakati pa makadi, sukulu nkuisiya panjira. Anayamba ndi masewera a gin rummy, ndipo anadya akuluakulu mpaka onse anayamba kumukana. Nanga munthu wosowa womupikisa atani? Anapita ku Las Vegas nkuyamba poker.

Mpikisano waukulu wa World Series of Poker unkachitikira ku Binion's Horseshoe. Aliyense amalipira madola 10,000 napatsidwa timapale toimira ndalama totchedwa chips. Matebulo amakhala ambiri. Ako akatha basi watuluka, otsala nkumaphatikizidwa mpaka patsale tebulo limodzi. Palinso msonkho wokakamiza umene aliyense amaponya nthawi yake ikafika, afune asafune, ndipo umakwerakwera. Poyamba msonkhowu umakhala wochepa, ndiye akadaulo ambiri amalangiza kudekha: taya makadi ofooka, phunzira khalidwe la anzako, pakuti tsiku loyamba silipatsa chikho koma likhoza kukutulutsa.

Ungar analibe nazo zimenezo. Anaona kuti anthu oopa kutuluka msanga ndiwo osavuta kuwalanda, ndiye ankawapanikiza mpaka mulu wake utakula. Mu 1980, pa anthu 73, anagonjetsa Doyle Brunson natenga madola 365,000. Chaka chotsatira anabwerezanso. Ankaoneka ngati kamnyamata, mwakuti anamupatsa dzina loti The Kid.

Koma abale, nkhani imene imandizunguza mutu ndi ya 1990. Pofika tsiku lachitatu Ungar anali ndi mulu waukulu, koma pampando sanaoneke. Anakamupeza atakomoka mchipinda chake cha kuhotela chifukwa cha mankhwala ozunguza bongo. Mpikisano sunaime. Msonkho uja unkangodula mulu wake mwini wake kulibe, anzake akugwa mmodzimmodzi, ndipo pomaliza munthu wogona mchipatala anakhala wachisanu ndi chinayi, nalandira madola opitirira 25,000. Okonda moto amati umenewu ndi umboni wakuti kukolola msanga kumapulumutsa. Ine ndimaona mbali ina: mulu umene unamufikitsa pamenepo iye kulibe ukanatha kumupatsa chikho akanangokhala pampando.

Chaka cha 1997 chinaphunzitsa zosiyana. Ungar anafika alibe kanthu, ngongole zili mbwee, mphuno itawonongeka ndi kokeni. Mnzake Billy Baxter anamulipirira nthawi itatsala pang'ono. Tsiku loyamba anali wotopa zedi, akusinza patebulo, koma sanatuluke. Atagona bwino anadzuka ali munthu wina. Pa anthu 312 anatsala ndi John Strzemp, namugonjetsa, nkutenga miliyoni imodzi ya madola imene anagawana pakati ndi Baxter. Chinali chikho chake chachitatu, ndipo ulendo uno tsiku loyamba analidutsa chokwawa.

Ndalamazo sizinakhalitse. Zinathera kubetcha pa masewera ndi mankhwala omwe aja. Mu 1998 Baxter anali wokonzeka kumulipiriranso, koma mwini wake sanabwere kudzateteza chikho chake. Pa 22 November chaka chomwecho anamupeza atafa mchipinda cha motelo yotchipa ya Oasis ku Las Vegas, ali ndi zaka 45, mtima utatopa ndi mankhwala. Mthumba munali madola pafupifupi 800, ndipo za maliro anzake anachita kusonkherana.