Lester Young ndi Usiku wa ku Cherry Blossom

Pakati pa anthu akuda a ku Amereka amene anakometsa nyimbo za jazz, dzina la Lester Young likumbukika kufikira lero. Iye anabadwa pa 27 August, 1909, ku Woodville m'dera la Mississippi. Atate ace anali mphunzitsi wa nyimbo, ndipo anaphunzitsa ana ao kuimba, nayenda nao m'mizinda yambiri monga gulu limodzi. M'caka ca 1927 mnyamatayo anasiyana ndi gululo cifukwa anakana kukaimba ku madera a kumwera, kumene malamulo a tsankho anali owawa. Atayendayenda ndi magulu ena, anakakhazikika ku Kansas City m'1933, ali katswiri woliza lipenga lochedwa saxophone.

Mumzinda umenewo oimba anali ndi mwambo wakuti akaweruka ku nchito usiku, anali kusonkhana m'nyumba zomwera mowa ndi kuimba mosinthana kufikira mbandakuca, popanda malipiro, yense kuonetsa luso lace. Mwa misonkhano yonseyo wochuka koposa ndi wa ku Cherry Blossom. Mbiri yace imati Coleman Hawkins, amene onse anamuyesa mfumu ya lipengalo, anafika ndi gulu la Fletcher Henderson, nakomana ndi anyamata atatu a mumzindamo: Young, Ben Webster ndi Herschel Evans. Akuti analimbana usiku wonse, Hawkins nalephera kuwagonjetsa, ndipo anacedwa kotero kuti anaononga galimoto lace latsopano la Cadillac pothamangira ku St. Louis, ulendo wa mamailosi pafupifupi 250.

Kodi zimenezi zinacitikadi? Palibe mbale ya galamafoni imene inajambulidwa usiku umenewo. Nkhaniyi inafala makamaka cifukwa ca Mai Mary Lou Williams, woimba piyano, amene anaifotokoza m'nyuzipepala ya ku London ya Melody Maker m'1954, patapita zaka 20. Iwo anati Webster anadzawadzutsa usiku kuti akathandize, pakuti ena onse oimba piyano anali atalema.

Koma pabwalo la mfumu mlandu sugamulidwa ndi mboni imodzi. Anthu ofufuza, monga Walter C. Allen amene analemba buku la Hendersonia m'1973, analondola maulendo a gulu la Henderson m'manyuzipepala akale. Kufufuza kotere kunaonetsa kuti gululo linalidi ku Kansas City m'December 1933, ndi kuti Hawkins anacoka kunka ku England m'March 1934. Cotero malo ndi nyengo zigwirizana ndi mau a Mai Williams.

Mboni zina zisiyana nao pa za mpikisanowo. Count Basie, m'buku la moyo wace la 1985, anabvomereza kuti Hawkins analiza lipenga ku Cherry Blossom, koma iye sanakumbukire kuti anthu anaciyesa cinthu cacikuru pa nthawiyo. Young mwini wace, pofunsidwa m'zaka zace zotsiriza, anasimba zina: kuti tsiku lina Hawkins sanafike pa nchito, ndipo iye anakhala pampando wace m'gulu la Henderson naliza lipenga la Hawkins lomwe. Tsono tiona kuti kukomanako ndi koona, koma za kugonja kwa Hawkins zinakula m'kamwa mwa osimba.

Cimene ciri cotsimikizika ndi ici: Hawkins atacoka, Henderson anaitana Young kudzalowa m'malo mwace. Anzace a m'gululo sanakondwere naye, pakuti liu lace linali lofewa ndi lopepuka, pamene la Hawkins linali lolemera. Patapita miyezi yowerengeka anacoka. Nyimbo zace zoyamba zinajambulidwa ku Chicago m'November 1936, ali ndi Basie, ndipo liu lomwe linakanidwalo linasanduka citsanzo ca oimba ambiri. Billie Holiday anamucha Pres, ndiko kuti pulezidenti wa oliza lipenga.

M'1944 anamlemba usilikari. Ku Alabama anampeza ndi camba ndi mankhwala ena oletsedwa, ndipo bwalo la asilikari linamlamula kukhala m'ndende caka cimodzi. Anaturuka kumapeto kwa 1945. Anapitiriza kuimba ku Amereka ndi ku Ulaya, koma mowa unafooketsa thupi lace pang'onopang'ono.

Pa 8 December, 1957, Young, Hawkins ndi Webster anaimbanso pamodzi pa wailesi ya kanema ku New York, pothandiza Billie Holiday. Pa msonkhano umenewu palibe mkangano, pakuti zithunzi ndi mau ziripo. Young anamwalira mumzinda womwewo pa 15 March, 1959, atangobwera kucokera ku Paris, ali ndi zaka 49.

Aphunzitsi a mbiri yakale angatolepo nzeru. Mau a akuluakulu sayenera kutayidwa, pakuti popanda Mai Williams usiku wa ku Cherry Blossom ukadaiwalika. Koma ayenera kuyesedwa ndi masiku olembedwa ndi mboni zina asanaphunzitsidwe kwa ana.