JOSEPH PULITZER NDI SUKULU YA ATOLANKHANI

Ambiri a inu munaonapo nyuzipepala, ndipo ena mumawerengera makolo anu nkhani zace madzulo. Munthu amene ayendayenda kufunafuna nkhani zimenezi ndi kuzilemba timamucha mtolankhani, ndipo iye amene aziyesa ndi kuzikonza zisanapite ku makina osindikizira ndiye mkonzi. Masiku ano mnyamata kapena mtsikana wofuna nchito imeneyi angathe kupita ku yunivesite kukaiphunzira, monga acitira ofuna udokotala kapena uloya. Koma kale sizinali tero. Anthu anali kuseka akamva za sukulu yophunzitsa kulemba nkhani. Mmodzi wa iwo amene anasintha maganizo amenewa ndiye Joseph Pulitzer, munthu amene iye mwini sanaphunzirepo pa yunivesite.

Ubwana wace

Joseph Pulitzer anabadwa pa 10 April, 1847, m'mudzi wa Makó m'dziko la Hungary, ku Ulaya. Makolo ace anali Ayuda, ndipo atate wace anali munthu wamalonda wopeza bwino. Joseph akali wamng'ono banja lonse linasamukira ku mzinda wa Pest, kumene anaphunzira Cijeremani ndi Cifalansa. Koma m'caka ca 1858 atate wace anamwalira, malonda anagwa, ndipo banja linasauka.

Atakwana zaka 17 anafuna kulowa usilikali. Anayesa ku gulu la nkhondo la Austria, namkana. Anayesa kwa Afalansa ndi kwa Angerezi, namkananso, popeza anali woonda ndi wofooka, ndipo maso ace sanali kupenya bwino. Nthawi imeneyo ku America kunali nkhondo ya pacibale pakati pa zigawo za kumpoto ndi za kumwera, ndipo a kumpoto anatumiza anthu ku Ulaya kukalemba asilikali. Amenewa ndiwo anamlandira. Anafika ku Boston m'caka ca 1864, nakhala msilikali wa pa kavalo miyezi 8, kufikira nkhondo inatha m'caka ca 1865. Anzace ambiri a m'gulumo anali Ajeremani, cotero anaturuka usilikali asanadziwe Cingerezi ceni-ceni.

Mlendo wosauka ku St. Louis

Atasowa nchito ku New York, Joseph anapita ku St. Louis, mzinda wa m'mbali mwa mtsinje waukulu wa Mississippi, kumene kunali Ajeremani ambiri. Anafika pa gombe la tsidya lina alibe ndi khobiri lomwe, ndipo analipira kuoloka kwace mwa kuponya malasha m'ng'anjo ya sitima yoolotsa anthu. Mu mzindamo anagwira nchito iri yonse imene anaipeza. Anasamala nyuru, ananyamula katundu pa doko, anapereka zakudya m'nyumba yodyera. Akaweruka anali kupita ku nyumba ya mabuku yochedwa Mercantile Library, nakhala m'menemo kuwerenga Cingerezi ndi malamulo a dziko. Nyumba imeneyi ndiyo inali sukulu yace.

Tsiku lina munthu wocenjera anauza Joseph ndi amuna ena ambiri kuti adzawapezera nchito ya malipiro abwino ku minda ya nzimbe ku Louisiana, koma yense ayambe wapereka madola 5. Onse anapereka, nakwera sitima. Atayenda mtunda ndithu anawatsitsa pa gombe, ndipo sitima inacoka osabweranso. Anabwerera ku St. Louis pansi, ndalama zao zitapita. Anzace anangodandaula, koma Joseph anatenga pepala nalemba zonse monga zinacitikira, napita nazo ku nyuzipepala ya Cijeremani yochedwa Westliche Post. Akonzi anazisindikiza. Imeneyi ndiyo inali nkhani yace yoyamba, ndipo inamphunzitsa kuti munthu wosauka amene alibe womnenera angathe kumveka ngati mlandu wace walembedwa poti onse awerenge.

M'caka ca 1868 eni a nyuzipepala imeneyi anamlemba nchito ya utolankhani. Panalibe womphunzitsa. Atolankhani anzace anali kumseka cifukwa ca kuonda kwace ndi Cingerezi cace cothyoka-thyoka. Koma iye anali kulawira m'mawa ndi kuweruka pakati pa usiku, ndipo sanali kutopa ndi kufunsa. Posacedwa oseka aja anaona kuti mlendoyo ali kuwapambana.

Mwini nyuzipepala

Pulitzer anasunga ndalama zace, ndipo m'caka ca 1878 anagula nyuzipepala ina yakugwa yochedwa Dispatch pa mtengo wa madola 2,500. Anaiphatikiza ndi inzace yochedwa Post, ndipo panabadwa St. Louis Post-Dispatch, imene ikali kusindikizidwa kufikira lero. M'menemo anaulula olemera ozemba msonkho, eni nyumba za njuga, ndi akulu a mzinda olandira ziphuphu. Anadedwa ndi ena, koma anthu wamba anaikonda nyuzipepala yace.

M'caka ca 1883 anagula nyuzipepala ya ku New York yochedwa World kwa munthu wolemera, Jay Gould, pa mtengo wa madola 346,000. Pa nthawiyo inali kugulidwa ndi anthu ngati 15,000 okha pa tsiku. Pulitzer anakumbukira masiku ace a umphawi, nalamula kuti nkhani zilembedwe m'mau apafupi, akuti ngakhale mlendo wongophunzira Cingerezi amve. Anaikamo zithunzi, nkhani za masewera ndi za anthu a nchito. Pakupita kwa zaka ciwerengero cija cinakwera kufikira 600,000.

Zinthu ziwiri zionetsa mphamvu imene nyuzipepala imeneyi inali nayo. Anthu a ku France anapatsa anthu a ku America mphatso ya cifaniziro cacikulu ca mkazi wonyamula muuni, cochedwa Statue of Liberty, koma ndalama zomangira maziko ace zinaperewera. M'caka ca 1885 Pulitzer anapempha owerenga kuti asonkhe, nalonjeza kusindikiza dzina la yense wopereka, ngakhale wa kakhobiri kamodzi. Anthu ngati 120,000 anasonkha ndalama zoposa madola 100,000, ndipo ambiri a iwo anapereka zosakwana dola imodzi. Cifaniziroco cinaimikidwa m'caka ca 1886, ndipo cikali ciimire pa doko la New York.

Caciwiri ndi ici. M'caka ca 1887 mtsikana wina mtolankhani wa World, wodziwika ndi dzina lakuti Nellie Bly, anadzionetsa ngati wodwala misala kuti alowe m'cipatala ca akazi amisala pa cisumbu ca Blackwell. Anakhalamo masiku 10, naona ndi maso ace zakudya zoola, madzi ozizira osambitsira odwala, ndi nkhanza za owasunga. Ataturuka analemba zonse. Akulu a milandu anapita kukafufuza, ndipo mzinda unaonjezera ndalama zosamalira odwalawo.

Khungu ndi colakwa cacikulu

Maso a Pulitzer, amene anali ofooka ciyambire, anayamba kufa ali ndi zaka ngati 40. Anagwidwanso ndi nthenda yakuti kaphokoso kakang'ono kanali kumpweteka kwambiri. M'caka ca 1890 analeka kukhala pa mpando wa mkonzi. Zaka zace zotsala anakhala m'zipinda zotsekereza phokoso ndi pa nyanja m'sitima yace, alembi ace namamwerengera nyuzipepala tsiku ndi tsiku, iye namatumiza malangizo kwa akonzi ace.

M'caka ca 1895 mnyamata wolemera, William Randolph Hearst, anagula nyuzipepala ina ya ku New York yochedwa Journal, nayamba kulimbana ndi World. Iri yonse inafuna kugulitsa koposa inzace, ndipo zonse ziwiri zinayamba kukuza nkhani, kulemba mitu yoopsa, ndi kusindikiza mphekesera monga zoona. Mu February, 1898, sitima ya nkhondo ya America yochedwa Maine inaphulika pa doko la Havana ku Cuba, ndipo anthu oposa 250 anafa. Cifukwa cace cisanadziwike, nyuzipepala zimenezi zinautsa mkwiyo wa anthu pa dziko la Spain, limene linali kulamulira Cuba. Patapita miyezi iwiri America ndi Spain anayamba kumenyana. Nkhondoyi inali ndi zifukwa zinanso, koma nyuzipepala zinakolezera moto.

Ici cinadetsa mbiri ya Pulitzer. Nkhondo itatha anabweza World ku njira ya kudekha, nakakamiza atolankhani ace kosalekeza kuti atsimikize ciri conse asanalembe. Anaona kuti colembera cimene cinathandiza odwala a pa cisumbu ca Blackwell cingathenso kusokeretsa mtundu wonse. Bodza la munthu mmodzi pabwalo limveka kwa anthu owerengeka, koma bodza la m'nyuzipepala lilowa m'nyumba zikwi mazana m'mawa umodzi.

Sukulu ya atolankhani

Maganizo a kumanga sukulu anali nao kale. M'caka ca 1892 anauza Seth Low, mkulu wa Columbia ku New York, kuti afuna kupereka ndalama zoyambira sukulu ya atolankhani, koma akulu a pamenepo anakana. Iwo anayesa kuti kulemba nkhani si maphunziro oyenera yunivesite. Pulitzer sanataye mtima. Patapita zaka 10 anafunsanso kwa mkulu watsopano, Nicholas Murray Butler, ndipo m'caka ca 1903 anagwirizana.

Tsono otsutsa anacokera kwina, kwa akonzi anzace. Ena anati utolankhani ndi mphatso yobadwa nayo, sungaphunzitsidwe. Ena anati sukulu yace yeni-yeni ndi ofesi ya nyuzipepala, ndipo analoza Pulitzer yemwe monga citsanzo, popeza iye anakwera wopanda yunivesite.

M'caka ca 1904 Pulitzer anawayankha m'nkhani yaitali imene inaturuka m'magazini yochedwa North American Review. Anabvomera kuti mphatso ikhalapo, koma anati mphatso yosasulidwa sifika patali. Anawakumbutsa kuti madokotala ndi maloya naonso kale anali kuphunzira pongotsata akulu ao, koma pambuyo pace anthu anaona kuti sukulu iwakonza bwino koposa. Mu ofesi ya nyuzipepala yense ali pa liwiro, ndipo palibe wokhala ndi nthawi ya kuphunzitsa mnyamata watsopano. Iye aphunzira mwa kulakwa, ndipo opwetekedwa ndi zolakwa zacezo ndiwo owerenga.

Anachulanso zimene wophunzira ayenera kudziwa: malamulo, kuti amve zocitika m'bwalo la milandu, mbiri yakale, kuti azindikire gwero la zinthu za lero, kayendedwe ka cuma ndi ziwerengero, kuti asanyengedwe ndi manambala, zinenero za maiko ena, ndi luso la kulemba momveka. Koposa zonse anafuna kuti aphunzire makhalidwe, ndiwo kunena zoona, kukana ziphuphu, ndi kusaopa anthu amphamvu. Sanafune kuti sukuluyo iphunzitse njira zopezera phindu, ngakhale iye mwini analemera ndi nyuzipepala, popeza anadziwa kumene mpikisano wa malonda unamfikitsa. Makolo athu amati kuongola mtengo mpoyamba, ndipo maganizo ace anali otero: mtolankhani aumbidwe asanalowe m'phokoso la nchito.

Imfa yace ndi zimene anasiya

Pulitzer sanaione sukulu yace. Anamwalira pa 29 October, 1911, m'sitima yace yochedwa Liberty pa doko la Charleston, ali ndi zaka 64. Anasiyira Columbia madola 2,000,000, ndipo sukulu inatsegulidwa mu September, 1912. Siinali yoyamba mu America, cifukwa pamene a Columbia anali kucedwa, yunivesite ya Missouri inatsegula yace m'caka ca 1908 motsogozedwa ndi Walter Williams. Koma sukulu ya Columbia inakhala imodzi ya zochuka koposa, ndipo kuyambira 1935 ilandira iwo amene anatsiriza kale digiri yoyamba. Pa cuma comweco panacokeranso mphotho zochedwa Pulitzer Prize, zimene zaperekedwa kuyambira 1917 kwa atolankhani ndi olemba mabuku ocita bwino.

Nyuzipepala ya World inatha m'caka ca 1931, koma maganizo a sukulu anafalikira maiko ambiri. Kuno kwathu maphunziro amenewa apezeka pa University of Zambia ndi pa Evelyn Hone College mu Lusaka, ndipo ophunzira akonzekera nchito ya m'nyuzipepala, ya pa wailesi, ya pa wailesi ya kanema ndi ya pa intaneti. Wina wa inu akafuna kudzafika kumeneko, ayambe tsopano kuwerenga mabuku ambiri, kulemba mau omveka, ndi kufunsa mbali zonse ziwiri za mlandu asanaufotokozere anzace.

Mafunso

1. Cifukwa ninji magulu a nkhondo a ku Ulaya anamkana Joseph Pulitzer?
2. Fotokozani nkhani yoyamba imene iye analemba. Inamphunzitsa ciani?
3. Nellie Bly anathandiza bwanji odwala a pa cisumbu ca Blackwell?
4. Nyuzipepala za World ndi Journal zinalakwa ciani m'caka ca 1898?
5. Chulani zifukwa ziwiri zimene akonzi ena anatsutsira sukulu ya atolankhani, ndi mayankho a Pulitzer.
6. Pezani Hungary, Boston, St. Louis ndi Cuba pa mapu.
7. Lembani mizere 10 ya cinthu cimene cinacitika m'mudzi mwanu sabata lino. Lembani zokha zimene munaona, kapena zimene mwafunsa kwa anthu awiri.