Maurice Duplessis wa ku Quebec

Maurice Duplessis anabadwa m'caka ca 1890 ku Trois-Rivières, m'cigawo ca Quebec ku Canada. Atate ace anali woweruza milandu, ndipo iyenso anaphunzira za malamulo. Potsogolera cipani ca Union Nationale, analamulira cigawoco kuyambira 1936 kufikira 1939, ndiponso kuyambira 1944 kufikira imfa yace mu 1959. Anali munthu wogwiritsa miyambo ya makolo: anakonda alimi, nasiya masukulu m'manja mwa Mpingo wa Katolika. Koma m'masiku acewo ana amasiye ambiri analembedwa monama kuti ngodwala misala, kuti nyumba zowasungira zilandire ndalama zoculuka, ndipo anawo anakula osaphunzira. Aphunzitsi a misyoni asaiwale ana amenewa pokumbukira dzina lace.