Joe Strummer: Nyimbo za Madzulo a Moyo Wake

Sabata ino tikambe za malemu Joe Strummer, mtsogoleri wa gulu la oyimba la The Clash, amene dzina lake lenileni linali John Graham Mellor. Iyeyu anabadwira ku Ankara m'chaka cha 1952. Atate ake anali pa ntchito ya ukazembe wa Britain, ndipo nthawi ina anatumizidwako kuno ku Malawi.

Gulu lija, lotchuka ndi nyimbo zaukali za punk, linatha m'chaka cha 1986. Strummer anayamba kuyimba payekha, koma chimbale chake cha 1989, Earthquake Weather, sichinayende malonda. Panapita zaka khumi asanatulutse china, kotero kuti ambiri anayesa kuti luso lamuthera.

Komatu kuona maso a nkhono n'kudekha. M'chaka cha 1999 anatulukiranso ndi anzake atsopano, The Mescaleros, napeka nyimbo zoposa zonse zimene anayimba chisiyanirane ndi The Clash. Mu "Johnny Appleseed" ya 2001 akuchenjeza eni chuma kuti asapondereze antchito amene amawadyetsa. Mu "Bhindi Bhagee", ya chaka chomwecho, mlendo akufunsa chakudya cha Angelezi, ndipo woyimbayo akumutchulira monyadira zakudya zamitundumitundu zimene anthu obwera anadza nazo ku London. Ukali wa paunyamata unali utasanduka chifundo.

Mu November 2002 anayimba pothandiza ozimitsa moto amene anali kunyanyala ntchito ku London. Pa 22 December chaka chomwecho anamwalira ndi nthenda ya mtima yobadwa nayo, ali ndi zaka 50. Chimbale chake chotsiriza, Streetcore, momwe muli nyimbo yokoma ija "Coma Girl", chinatuluka m'chaka cha 2003, mwini wake atatsikira kale kulichete.